Reji ya Alamu M'kati mwa Mtolo wa Nsomba

Bodza langa linakula bwino kuposa ana anga. Ndinalibereka ndili mnyamata, nditangobwera kuchokera ku Lusaka komwe ndinakhala mvula ziwiri ndikusenza matumba a simenti. Munthu ukabwerera kuno ku Feira kuchokera ku tauni, anthu safuna kumva za msana wopweteka, amafuna nkhani. Ndiye tsiku lina pa doko, pomwe Luangwa amathira madzi ake mu Zambezi, ndinangotsegula pakamwa n'kunena kuti ine ndinaonerera mpikisano wa mamotoka, uja amati rali. Zoona zake n'zakuti ndinaumva pa wailesi ya mlonda, ndipo ndinaona chithunzi chimodzi chabe pa nyuzipepala imene anandikulungiramo zitumbuwa.

Sukulu ndinaisiya ku Katondwe ndisanadziwe masamu ogawa, koma pa kuchulukitsa palibe anandiposa. Chaka choyamba motoka ya m'nkhani yanga inkalumpha ngalande. Patapita zaka zisanu inkalumpha ng'ombe. Mmene imvi zinkayamba, inali ikulumpha ng'ombe ndi ngolo yake, mwini ngolo ali pomwepo akusuta fodya.

Womvetsera wanga wamkulu anali alamu anga, amuna a mlongo wanga. Iwowa ndi okonza mainjini a maboti pa dokopo, pansi pa mtengo wa masau. Boti likamachokera ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, iwo osatukula n'komwe mutu amadziwa kuti ndi la yani, n'kuwonjeza kuti pulagi yake yatopa. Ena akamaseka za ng'ombe, alamu ankadikira phokoso lithe, n'kufunsa funso lawo limodzi lomwelo.

"Alamu, ikamalowa pa kona imalira bwanji?"

Ine ndinkatupitsa masaya n'kuliza. Iwo ankagwedeza mutu n'kupitiriza kupukuta sipanala. Tinakalamba choncho.

Maso anayamba kuwavuta zaka zingapo zapitazo. Sanayambe ndi chifunga ngati ng'ala ya anthu ena, anayambira m'mbali. Ukawaimira pambali sakukuona mpaka ulankhule, moti mlongo wanga anayamba waganiza kuti ndi mwano wa ukalamba. Ku chipatala cha Katondwe anawapima bwinobwino n'kuwauza mosabisa kuti awa si matenda opala, mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Atabwerako ndinawapeza pa doko atangogwira sipanala, palibe chimene akumasula.

"Alamu," anatero, "dziko ndikuliona ngati ndikusuzumira m'bango. Ndipo bangolo likucheperachepera."

"Ndiye mwayi wanu," ndinatero ine. "Nkhope ya mlongo wanga ija mwaipirira mokwanira."

Sanaseke.

"Lisanatsekeke ndikufuna ndione chinthu chimodzi. Mamotoka anu aja. Njira mukuidziwa ndinu. Munditenge."

Pakamwa panga, poti sipadikira mwini wake, panayankha kuti, "Zing'onozing'ono izo, alamu. Tipita."

Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito ku Lusaka. Anafunsafunsa n'kutiimbira foni kuti mpikisano udzachitika kuzizira kukamatha, m'mapulazi a kunja kwa tauni, kuyambira pa Chisanu mpaka pa Sondo. Tinali ndi miyezi iwiri yokonzekera.

Miyezi iwiri imeneyo sindinawaonepo alamu osangalala chotero. Masana alionse ankasesa mchenga ndi phazi n'kundipatsa kamtengo kuti ndijambule. Ine ndinkajambula msewu umene sindinauonepo, wokhotakhota ngati nsato yodwala.

"Apa ndiye pa kona yoopsa. Apa osaimapo, motoka ikaphonya mudzabwerera ku Feira m'thumba la simenti. Ife odziwa timaima apa, pa chulu."

"Iyayi," anatero alamu. "Pa kona ine palibe changa. Ikadutsa chopingasa sindingaigwire ndi maso awa. Mundipezere pomwe msewu uli njo, ituluke patali, ibwere ikukula m'bango mwanga mpaka idzaze."

Anali ataganiza kale zonse. M'mawa ankapita kukaima m'mbali mwa msewu wa ku boma kudikira basi, kuti aphunzire kuloza bango lawo ndi khutu. Akamva injini, amatembenuza mutu wonse, n'kuigwira, n'kuitsata mpaka fumbi liwakwirire. Anapanga kampando kopinda ndi matabwa a boti lakale ndi lamba wa injini. Mlongo wanga anawasokera kansalu kophimba mphuno, ati ndinanena ndine kuti fumbi lake limapha nkhuku. Sindikukumbukira kuti ndinanena, koma zikufanana nane.

Doko lonse linadziwa. Amayi ogulitsa nsomba ndiwo sanandipatse mpata.

"Madala, mukatipatsire moni ng'ombe ija!"

"Inafa kale," ndinkatero, "koma mdzukulu wake alipo, ndiye amalumphidwa masiku ano."

Ankaseka, inenso n'kuseka. Ndinkadziona titafika kumeneko, alamu atandigwira mkono, akufunsa kuti zitulukira kuti, ine ndikuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Choopsa kwambiri chinali khutu lawo. Motoka yoyamba ikangolira, adzadziwa kuti zija ndinkaliza ndi masaya zaka zonsezi sizinachokere kulikonse. Ndipo tikabwerako, ine pa doko ndidzakhala ndani? Boti ndilibe, ukonde ndinagulitsa, munda njovu zinandilanda. Ndinatsala ndi nkhani basi.

Ndinayesa zifukwa. Ndinati njovu zavuta pa msewu chaka chino. Alamu anati njovu sizikwera basi. Ndinati dzino landigwira. Mayi a kunyumba kwanga anandiyang'ana m'kamwa n'kufunsa kuti, "Liti? Mwa atatuwa?" Ndinafika mpaka pomvetsera ngati kulibe wodwala kwambiri m'mudzi, poti maliro amaimitsa ulendo popanda wofunsa. Mulungu andikhululukire. Chaka chimenecho nkhalamba zonse zinali zolimba ngati mlambe.

Sabata yomaliza mwana wa alamu uja anaimbanso, ndipo anafuna kulankhula ndi ine.

"Amalume, mukwere basi ya pa Chinayi m'mawa. Musanyamule chilichonse, ndapota nanu. Mundibweretsere atate okha."

Apa ndi pomwe ndinaona khomo. Munthu wa ku Feira satsika ku Lusaka chimanjamanja. Ukafika pakhomo pa mwana osanunkha nsomba, anansi ake amafunsa ngati kwanu mtsinje unauma. Ndinapita kwa mlongo wanga n'kumuuza zimenezi ndi nkhope ya mkulu wa mpingo.

"Alongo, mwana wanena za chitauni. Kodi apongozi ake adzatiyesa anthu otani?"

Mlongo wanga anavomera, poti zinali zoona. Ichi ndicho chimandiwawa, sindinanene bodza ngakhale limodzi sabata imeneyo. Tinagula nsomba zamchere zouma bwino za kutsidya. Anansi atamva, aliyense anabweretsa zake, uyu za mwana wake wa ku Kanyama, uyo za mlongo wake wa ku Mandevu, ndipo kuno wopita ku tauni sakana katundu wa mnzake. Pofika pa Chiwiri mtolo unali utakula ngati mvuu yaing'ono. A basi anangouyang'ana n'kupukusa mutu. Panatsala lole ya nsomba.

Lole ya nsomba ilibe wotchi, imanyamuka ikadzaza. Dalaivala wake anatiuza kuti, "Pa Chinayi tanyamuka, madala. Maboti a ku Zumbo ali m'njira." Mawu amenewa ndawamva moyo wanga wonse ndipo ndimadziwa kulemera kwake. Alamu nawonso ankadziwa, koma anati Chinayi chikalephereka pali basi ya pa Chisanu, nsomba zidzatipeza.

Tsopano pali chizolowezi china chathu ife a ku mtsinje. Chinthu chofunika sitiyenda nacho m'thumba la malaya. M'thumba mumalowa madzi, mumalowanso zala za akuba a pa siteshoni. Timachikulunga m'pulasitiki n'kuchiika pakati pa mtolo wa nsomba, chifukwa mtolo sutayika, mwini wake amaukhalira. Chofunika kwa alamu chinali reji, chitupa chija cha boma. Ife a m'malire, apolisi a pa mlatho wa Luangwa amatifunsa, ndi ntchito yawo. Pa lole ya nsomba amatidziwa, ukaloza mtolo amamva. Koma m'basi, munthu wopanda reji amatsitsidwa kuti afotokoze, makamaka wonga alamu, amene mayi awo anachokera kutsidya ndipo Chikunda chimawatuluka pa liwu lililonse.

Ndine ndinawauza kuti abweretse reji. Ndine ndinaikulunga, n'kuilowetsa pakati, n'kumanga mtolo ndi mfundo zanga zimene ndimanyadira. Ndinenso ndinathamangitsa wilibala pa Chitatu m'mawa kuti mtolo wathu ukwere woyamba, ati tipeze malo. Wokwera woyamba amagona pansi penipeni, kutsogolo ku kabini, ndipo ena onse amamugonera pamwamba. Reji yanga inali m'thumba la malaya anga.

Pa Chinayi tinafika pa doko titavala majekete a ku tchalitchi. Alamu anatambasula kampando kawo. Basi inaliza hutala kumtunda n'kupita. Maboti awiri anabwera, mitolo inakwera, lole inafika pakati. Ine mumtima ndinapepukidwa, ndikuvomera. Ndinanena nthabwala zambiri tsiku limenelo.

Pa Chisanu m'mawa alamu anabwera kwathu kusanatenthe.

"Tiyeni tikakwere basi. Tipeza mawa ndi mkuja."

"Nanga reji, alamu?"

Anaima. Ndinaona mutu wawo ukuyendayenda, kufuna nkhope yanga m'bango muja. Kenako anatembenuka kulunjika ku doko, ine pambuyo. Anapempha okweza katundu kuti atulutse mtolo wathu.

"Adala, mukudziwa nokha," anatero mkulu wa okwezawo. "Mtolo ukalowa sutuluka. Titsitse lole yonse? Nsomba zouma zikaphwanyika agula ndani?"

Eni mitolo nawonso anakana, ndipo sindingawadzudzule, ana awo amadya pamenepo. Alamu anati basi, apita opanda reji. Mlongo wanga anagwira jekete lawo.

"Munthu wosaona m'mbali akakutsitseni pa mlatho paja, malole akudutsa uku ndi uku? Mukandipeza nditafa."

Akanandiyang'ana ine n'kufunsa, mwina ndikanati tiyeni, ndikakulankhulirani kwa apolisi, pakamwa ndili napo. Sanafunse. Inenso sindinanene. Basi ya pa Chisanu inaliza hutala. Alamu anatembenuza mutu monga anaphunzirira, n'kuitsata ndi khutu mpaka phokoso linathera m'mapiri. Anabwerera pa kampando kawo n'kutulutsa kansalu kaja, n'kukapinda, n'kukatambasula, n'kukapindanso.

Pamenepo kupepukidwa kuja kunandithera. Ndinayang'ana munthu amene anandidyetsa chaka chija njovu zinadya chimanga changa chonse, amene ananyamula bokosi la mwana wanga woyamba, atakhala mu jekete pa dzuwa akudikira maboti amene ine ndinkadziwa kuti sabwera msanga.

Pa Chiweru m'mawa ndinagwada pamaso pa amayi a nsomba aja, eni mitolo, mawondo onse awiri mu mchenga. Ndinati nditsitsa ndekha mtolo uliwonse n'kuukwezanso, yophwanyika ndidya ine pamaso pawo. Misozi inkatsika. Anaseka mpaka wina anakhala pansi.

"Madala awa! Lero atibweretsera sewero!"

"Sindikuseka, amayi."

"Taonani misozi yake, ngati yeniyeni!"

Zaka zonsezi ndinawaphunzitsa ndekha kuti ndikatsegula pakamwa aziseka. Mmene ndinkadzuka, basi ya pa Chiweru inali itapita.

Maboti anafika masana. Lole inanyamuka dzuwa litapendeka, ife titakhala pamwamba pa mitolo, alamu atakumbatira kampando. Tinadutsa Katondwe, tinagona pa mlatho, n'kuyamba mapiri a Manenekera pa Sondo m'mawa. Lole yodzaza imakwera phiri ngati kamba. Kawiri konse inawira, tinaima kudikira izizire. Alamu sanalankhule njira yonse, kupatula kamodzi pomwe anauza dalaivala kuti lamba wa fani wamasuka. Anapeza zinali zoona.

Mwana uja anatichingamira titadutsa Chongwe, dzuwa litayamba kufiira. Maso ake anandiuza zonse asanatsegule pakamwa. Mpikisano unali utatha masana.

"Amalume, ndinakupemphani chinthu chimodzi."

"Usiye," anatero atate ake. "Titengere komweko. Kukadali kowala."

Anapeza motoka ya mnzake n'kutitengera ku pulazi. Tinapeza msewu wafumbi wokumbika, timaliboni tofiira tikuuluka pa udzu, mabotolo opanda kanthu, ndi bambo mmodzi akuzula zikhomo n'kumaziponya m'ngolo. Masamba onse a m'mbali anali ofiira ndi fumbi. Fungo la mafuta opsa linali lisanathe.

Alamu anagwada n'kuyamba kupapasa mikwingwirima ya matayala ndi manja, monga amapapasira injini.

"Apa inaponda buleki," anatero. Anakwawa pang'ono. "Apa inaterereka, matayala onse anayi. Apa ndiye inatsegula. Taonani mmene inakumbira. Mayo ine."

Anadzuka, n'kufunsa komwe msewu uli njo. Mwana wawo anawatembenuza. Anatambasula kampando n'kukhala, kuyang'ana kutali komwe kunalibe chobwera. Ndinakhala pansi pambali pawo, kumbali kumene sandiona.

"Alamu, ine sindinaonepo mpikisano. Ndinamva pa wailesi chabe."

"Ndikudziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku loyamba lomwe. Munkaliza ngati thirakitala yokoka ngolo. Munthu wa mainjini mungamunamize ndi masaya?"

"Nanga munkafunsiranji?"

"Kunkakoma."

"Nanga munandisankhiranji kuti ndikubweretseni?"

"Ndinkafuna wondigwira mkono potsika basi. Ndikanatenga ndani wina?"

Bambo wa zikhomo uja anatidutsa, n'kupereka moni, n'kupitirira. Patapita kanthawi alamu anafunsa, osatembenuka.

"Reji yanu ili mu mtolo?"

Ndinangogwira thumba la malaya anga. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira ndikaliza pa kona. Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse.

Nsomba zija zinafika bwino, palibe inaphwanyika. Apongozi a mwana uja anatumiza mawu othokoza, ati sanadyepo zokoma chotero.

Tinanena za chaka chamawa, mlongo wanga ndiye ankanena kwambiri. Koma bango lija linatsekeka mvula isanathe. Mpikisano utabweranso, mwana wawo anafuna kuwatenga kuti akamve ndi khutu lokha. Anakana. Anati kumva akhala akumva moyo wawo wonse.

Mainjini akukonzabe, ndi zala ndi khutu, ndipo eni maboti akubwerabe kwa iwo. M'mawa uliwonse ndimapita kukawatenga n'kuwatsitsira ku doko nditawagwira mkono. Sakana. Amanditchabe alamu, amandigawira fodya. Amakhalira kampando komwe kaja. Amayi a nsomba akayamba za ng'ombe, amayankha ndi alamu ine ndisanatsegule pakamwa.

"Tinapeza atamaliza. Lole inachedwa."

Za reji sanauze munthu, ngakhale mlongo wanga. Mlongo wangayo azimva lero ngati wina amuwerengera izi.

Funso lija la pa kona sanandifunsenso. Masiku ena ndimatupitsa masaya ndekha, kudikira, kenako n'kutulutsa mpweya mwakachetechete. Basi ikaliza hutala kumtunda, sipanala imaima m'manja mwawo, mutu n'kutembenukira kumsewu. Ine ndimayang'ana madzi mpaka ayambenso kumasula.